Makolo Amene Ndinaba kwa Kavalo wa Agogo Dinny

Agogo Dinny akandibwerera m'maganizo, limayamba kufika ndi fungo, nkhope pambuyo: utsi wa tafu, dothi lakuda louma lija anthu akuno amasonkhera moto, wosakanikirana ndi mafuta opaka zikopa ndi tiyi wokhalitsa pachitofu mpaka kuwawa. Nyumba yawo ku Mulhuddart, kuno kudziko la azungu, inali yogundizana ndi yathu, khoma limodzi, moti akatsokomola kwawo ife tinkamva kwathu. Anali mzungu wa ku Kildare, wamfupi, wa miyendo ya matewe, chala chamkombaphala cha kumanja chili chodukira pakati. Amayi ndiwo anandilamula kuti ndiziwatchula agogo. Anati munthu wa imvi suitana ndi dzina lokha ngati mnzako wa fulaye, kaya ana akuno amatero.

Amayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba, ndipo ine ndikaweruka kusukulu ndinkawadikirira kwa agogo Dinny. Panalibe pangano lililonse. Zinangoyamba tsiku lina mvula itandipeza pakhomo nditataya kiyi, iwo n'kutsegula chitseko chawo, n'kundikodola ndi kachala kodukako. Kuyambira pamenepo masana aliwonse ankandidulira buledi wabulauni, kumumata batala wochindikala, n'kundikhazika patebulo moyang'anana ndi Tobias.

Tobias anali kavalo. Dzina lake lonse linali Proud Tobias, ndipo chithunzi chake chinali pamwamba pa moto, pamalo pomwe m'nyumba zina za mumsewu mwathu pankakhala chithunzi cha Yesu. Pansi pake panapachikidwa chingwe chachikopa cha kumutu kwake, chimene agogo ankachipaka mafuta Loweruka lililonse ngakhale kavaloyo anali atafa kale ine ndisanabadwe. Pambali panali pepala lofiirira ndi ukalamba, lili m'galasi, lodzaza mayina a makolo a kavaloyo. Agogo sanakwatirepo. Moyo wawo wonse anathera m'khola, kumwetsa, kupesa ndi kuwola ndowe za Tobias, kuyambira ali kamwana mpaka tsiku limene anafera mutu uli pamiyendo pawo.

Mbiri yake ndinkailoweza ngati Atate Wathu. Anabadwa wonyozeka, mwendo umodzi woyera, ndipo pamsika wa ana a akavalo anthu ankangomudutsa. Atayamba mipikisano ya liwiro anali ndi khalidwe lodwalitsa mitima: ankatsalira kumbuyo ngati wabwera kudzaonerera, kenako pokhota komaliza ankagwetsa makutu, n'kuyamba kuwadya anzake mmodzimmodzi. Anathamanga zaka ziwiri zokha, n'kugonja kamodzi, pa tsiku la matope, ndipo agogo sanamukhululukire wokwerayo mpaka kumanda. Atapuma anamutengera kufamu kuti azibereka, akavalo aakazi n'kumachita kubwera pa malole, ena kuwoloka nyanja. Adzukulu ake anali akuthamangabe m'masiku angawo. Loweruka masana agogo ankayimirira kutsogolo kwa TV, kumenya ntchafu ndi nyuzipepala yopinda, akukuwa kuti, "Taona makutuwo! Ndi a agogo ake!" Amene analuma n'kudula chala chija ndi Tobias yemweyo, ndipo iwo ankachionetsa ngati mendulo.

Kunena zoona nkhanizi zinkanditopetsa, koma buledi anali wokoma.

Ndili ndi zaka khumi, aphunzitsi anatipatsa pepala lojambulidwa mtengo. Pathunthu ulembe dzina lako, nthambi za kumanzere mayi ndi makolo awo, za kumanja bambo ndi makolo awo, ndipo Lachisanu aliyense akaimirire kutsogolo kwa kalasi kufotokoza. Anzanga anasangalala. Ine ayi. Za bambo anga ndinkangodziwa kuti anapita ku Joni amayi ali ndi pakati pa ine, ndipo ngakhale dzina lawo silinkatchulidwa m'nyumba mwathu. Ndinali kale mwana wosiyana ndi anzanga m'kalasimo, tsitsi, dzina, chakudya cha m'kabokosi. Sindinkafuna kuwonjezera mtengo wa nthambi mbali imodzi.

Ndinawafunsa amayi akuvula nsapato, mapazi atatupa.

"Iwe Tadala, undisiye, ndangochoka pa shifiti ya twelofu awazi," anatero. "Homuweki yanji yofufuza za anthu? Lemba kuti palibe."

Lachitatu masana agogo Dinny atatuluka kukatenga tafu kuseri, ndinakwera pampando n'kuyang'ana pepala la m'galasi lija. Mayinawo, ukachotsa mawu oyamba achizunguwo, anali ofanana ndi a anthu a kutchalitchi kwathu. Ndinakopera msangamsanga. Bambo anga: Tobias. Bambo awo, amene papepalapo anali King Barnabas: Barnabas. Mayi awo, Little Esther: Esther. Ndinakwera nawo mpaka kunsonga, nthambi zonse za kumanja n'kudzaza, ndipo ndinadziona wochenjera kwambiri.

Mawa lake ndikupaka masamba a mtengowo utoto wobiriwira, agogo anaima kumbuyo kwanga ndi ketulo m'manja. Ndinayesa kuphimba ndi chigongono koma ndinachedwa. Anaika ketulo pansi, n'kuvala magalasi awo omangidwa ndi ulusi, n'kuwerenga pang'onopang'ono milomo ikugwedera.

"Ohoo," anatero. "Ndiye kuti amene anandidula chala ndi bambo ako."

Ndinkayembekezera kuti aseka, kapena andikalipira chifukwa chogwira zinthu za Tobias. Ndinangophulika kulira, kulira kwa mamina, kwa manyazi osakanikirana ndi ukali. Ndinawauza kuti kavalo ali ndi bambo ndi agogo mpaka pepala kudzaza, ine munthu ndilibe ngakhale mmodzi, ndipo mawa kalasi yonse idziwa.

Anapita pakhoma n'kutsitsa pepala la m'galasilo, chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita, n'kulipukuta fumbi ndi mkono wa juzi, n'kuliika patsogolo panga.

"Tobias anabereka ana mazanamazana," anatero. "Ukudziwa anadziwapo angati? Ngakhale mmodzi. Wamkazi ankabwera m'mawa, masana wabwerera. Mwana wake akanadutsa pakhola akanamuluma ngati mlendo. Ndinkamukonda kuposa munthu aliyense, koma ubambo wake unali wa papepala basi."

Kenako anaika kachala kodukako pamzere wapamwamba. "Uwu ndi wa abambo. Alendo obwera ndi zipewa zokongola amawerenga uwu, chifukwa ndi umene uli ndi mayina otchuka." Chala chinatsetsereka mpaka pansi penipeni pa pepalalo. "Ife a m'khola timawerenga uwu. Mayi, mayi wa mayi, mayi wa mayi wa mayi. Banja la kavalo limawerengedwa kuchokera kwa akazi. Esther uyu wamubayu sanapambanepo mpikisano, koma ndinamuona ataima usana wonse pamatalala, msana wake uli denga la mwana wake. Liwiro bambo angapereke, koma mtima ukafunse kwa mayi. Ngakhale kulumaku anatengera kwa iye."

Tili pomwepo amayi anagogoda, ali mu yunifolomu yawo yabuluu, ambulera ikudontha. Anaona maso anga, n'kuona pepala la mtengo. Analitola. Ndinaona nkhope yawo ikuuma pamene ankawerenga nthambi za kumanja.

"Tobias ameneyu ndi ndani?" anandifunsa m'Chichewa, ndi mawu aja otsika amene ndinkawaopa kuposa kukuwa.

Ndinaloza pakhoma.

Amayi anayang'ana kavalo, anayang'ana ine, anayang'ananso kavalo. Kenako anaseka. Anaseka mpaka kugwira tebulo, mpaka kukhala pansi pampando wa agogo osapemphedwa, ndipo penapake m'kati mwa kusekako misozi inasintha mtundu, n'kuphimba nkhope ndi manja. Aka kanali koyamba kuwaona amayi akulira, ndipo ndinamva chisoni kuposa manyazi anga onse.

Agogo Dinny anawathirira tiyi wowawa uja, n'kudikira. Amayi atatonthola, agogo anawafotokozera za mizere iwiri ija monga anandifotokozera ine, mpaka za Esther woluma.

"Make mbuu, mwana mbuu," amayi anang'ung'udza, akupukuta m'maso.

"Nanga mzere wanu wapansi, mayi, umafika pati?" agogo anafunsa.

Amayi anawayang'ana modabwa. "Bambo Dinny, ndiye kuti anthu a akavalo ndi Achewa? Kwathu ku Dedza ndi momwemo. Mwana ndi wa kwa mayi ake." Anatembenukira kwa ine, dzanja lili pachifuwa. "Timati a bele limodzi. Tenga pensulo. Fufuta kavaloyo, walakwanji."

Ndinafufuta mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka. Iwo anayamba kutchula, ndipo dzina lililonse linkabwera ndi nkhani yake, monga agogo ankachitira ndi akavalo. Amayi awo, Anachisale, oumba mbiya zimene anthu ankazilondola kuchokera kutsidya kwa phiri. Amayi a Anachisale, Anambewe, amene anathamangitsa fisi ndi chikuni chamoto atalowa m'khola la mbuzi, amuna onse atadzitsekera m'nyumba. Anaphiri, amene anakwatiwa katatu, amuna onse atatu n'kubwera kudzakhala pamudzi pawo, onse n'kuchoka, iwo osasuntha. Anankhoma, azamba a mudzi wonse. Pamwamba pa onse panali mayi wina amene amayi ankangomudziwa ndi dzina loti Anabanda, amene anafika pamalopo ndi mwana kumsana n'kudula mtengo woyamba.

Mtengo wa aphunzitsi unalibe malo a anthu onsewo. Agogo Dinny anang'amba katoni ya tiyi, n'kuimata ndi selotepi kunsi kwa pepala, ndipo mayinawo anatsika pansi ngati muzu wa chinangwa. Ankawabwereza mmodzimmodzi ndi lilime lawo lolemera la ku Kildare, akugwedeza mutu ngati ali pamsika. "Anambewe," anatero. "Ameneyo ndikanamugula."

Nthambi za kumanja zinali mbee. Amayi anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anandilanda pensulo n'kulemba okha dzina limodzi panthambi yoyamba, ndi zilembo zing'onozing'ono.

"Laston," anatero. "Ndi dzina lawo. Ndi lako kulidziwa, ndinalakwa kukubisira. Zinazo udzandifunse ukakula."

Amayi akumaliza tiyi, ine ndinabwerera pa pepala la Tobias n'kulifufuza mzere ndi mzere. Ndinawafunsa agogo kuti dzina lawo lili pati, popeza anakhala naye zaka zoposa makumi awiri.

"Womwetsa madzi salembedwa," anayankha, akulibwezera pamsomali.

Koma tili kwathu ndinatenga pensulo, ndipo m'mphepete mwa pepala langa, pomwe panalibe nthambi kapena muzu, ndinalemba kuti Dinny.

Lachisanu ndinaimirira kutsogolo, katoni ya tiyi ikulendewera mpaka m'mawondo. Mnyamata wina wa kumbuyo anafunsa chifukwa chake mtengo wanga unali wopanda nthambi mbali imodzi. Ndinamuyankha kuti anthu odziwa amawerenga kuchokera pansi, n'kuyamba ndi nkhani ya fisi. Za nthambi palibe anafunsanso. Pa buleki atsikana awiri anandipempha kuti ndiwauzenso za mayi wa chikuni chamoto.

Agogo Dinny anamwalira ndili ku sekondale. Pamaliro pawo panali anthu ochepa: akuluakulu anayi a miyendo ya matewe ochokera ku Kildare, wansembe, amayi atavala chitenje pamwamba pa jekete, ndi ine. Maliro atatha kunabwera mwana wa mchemwali wa agogowo, n'kutenga chithunzi cha kavalo chija ndi pepala la m'galasi lija. Chingwe chachikopa anatibweretsera m'jumbo, ati malume ake anasiya mawu kuti ndi cha mwana wa Tobias.

Lero ndimakhala ku Lucan, ndipo chingwecho chili pakhoma la kukhitchini. Loweruka ndimachipaka mafuta, amuna anga n'kumandiseka kuti ndikuweta kavalo wosaoneka. Mwezi wathawu mwana wanga Chisomo anabwera kuchokera kusukulu ndi pepala lojambulidwa mtengo. Wake uli ndi nthambi mbali zonse, koma ndinamutulutsirabe langa lija, selotepi itasanduka yachikasu, kuti akopere muzu. Anawerenga mayina onse movutikira, chifukwa Chichewa amamva koma lilime limamukana, kenako chala chake chinaima m'mphepete.

"Mami, nanga uyu? Sali panthambi iliyonse. Ndimusiye?"

Ndinamva fungo la tafu m'khitchini momwe simunayakepo moto wa tafu.

"Ameneyo ndi amene ankamwetsa madzi," ndinamuuza. "Umulembe ndi bolopeni."