Kathumba ka Mtedza wa Azakhali

Tinanyamuka kumudzi kwathu, kuseri kwa Kabudula, Lachisanu m'mamawa, mphepo ya mu Ogasiti ikutiponyera fumbi m'maso. Tinali awiri, ine ndi azakhali anga aNaphiri. Ine ndinali woperekeza chabe. Ndinakhalako ku Lilongwe zaka ziwiri pa ntchito ya m'nyumba, ndipo kwathu zimenezo n'zokwanira kuti munthu azitchedwa wodziwa tauni.

Alangizi a zaulimi ndi amene anayambitsa ulendowu. Anasankha azakhali kuti akaonetse mtedza wawo ku chionetsero cha mbewu zamakolo chomwe chimachitika Loweruka mumzindamo. Mtedza wake ndi wa njere zikuluzikulu, wonona, womwe azakhali anasiyiridwa ndi amayi awo. Anthu ena onse m'mudzi anausiya kalekale n'kutengera wamakono wocha msanga. Tsono chaka chimenecho mvula inadula mtedza ukungoyamba kubereka, moti munda wonse unatulutsa kathumba kamodzi kosadzaza ngakhale lichero. Imeneyo ndiyo inali mbewu yonse yotsala.

Ndinawachonderera kuti asiyeko theka kunyumba.

"Ndisiyire yani, makoswe kapena adzukulu?" anatero azakhali. "Pamutu pangapa ndi pomwe ungasungike."

Anausenda bwinobwino kuti anthu akaone kukula kwa njere, n'kuuika m'dengu limodzi ndi ufa woyera, mfutso ndi maungu awiri. Zinazo zinali mphatso za mwana wawo Yamikani, yemwe tinkakagona kwake. Yamikani anali atakwatira chaka chatha, ndipo azakhali anali asanapondepo pakhomo pa mpongozi wawo.

Pa Kabudula tinakwera galimoto ya matola yopita ku Nsaru, K500 aliyense, dengu ulere malinga ulifukate. Tinakhala pamatumba a soya. Pafupi ndi azakhali panali mayi wina wobereka khanda, akuchokera kusikelo. Kayankhulidwe kake kanali ka kummwera. Anatiuza kuti ndi mai a Fatsani, kwawo ndi ku Phalombe, ndipo iwo ndi amuna awo ndi matenanti pa esiteti ya fodya ya m'njiramo. Fodya anali atagulitsidwa, ndipo Lolemba lole inali kudzawatenga kubwerera kwawo.

Galimoto itagwera m'dzenje, kathumba kanatseguka pang'ono. Mayiyo anasuzumira, n'kugwira pakamwa.

"Mayi, mtedza uwu mwaupeza kuti? Amayi anga ankalima womwewu. Kwathu unatha ine ndili mtsikana."

Azakhali sanafunsenso zambiri. Anapisa dzanja kawiri, n'kuthira pangodya ya chitenje cha mayiyo. Iye anamanga mfundo, akuwomba m'manja mwaulemu, khanda likugwedezeka kumsana. Patangopita nthawi pang'ono anatsika pamphambano pomwe pali mzere wa mitengo ya bulugama.

Ine mtima unandipweteka, ndipo sindinabise.

"Azakhali, mbewu yake yochepa kaleyi mukugawiranso anthu a m'njira? Tikafika ku Nsaru mukhala mutagawira galimoto yonse."

"Wandipempha ndi maso," anatero. "Iwe sunaone, eti?"

Pa Nsaru tinafika cha m'ma 8 koloko. Tinadya mbatata yootcha ndi thobwa podikira minibasi kuti idzaze. Kondakitala analumbira kuti kwatsala munthu mmodzi yekha, ndipo munthu mmodziyo anatenga ola lathunthu, n'kubwera ali anthu asanu ndi mbuzi. Tinalipira K1,500 aliyense. Kondakitalayo anafuna kuika dengu kumbuyo pamodzi ndi mbuziyo, koma azakhali anamuyang'ana kamodzi kokha, iye n'kusintha maganizo. Analifukata mpaka m'tauni, miyendo itachita dzanzi.

Tisanafike n'komwe kudepoti, azakhali anayamba kudabwa ndi mapepala omatidwa pamitengo ndi pamipanda. Anandiuza kuti ndiziwawerengera. Ili linali la oimba nyimbo zauzimu, ilo la mpira wa Lamulungu, linalo la msonkhano wa machiritso, lina la mpikisano wovina.

"Zonsezi sabata imodzi? Kodi anthu a kuno amapuma liti pa kusangalalaku?"

Tinakwera minibasi ina yopita kudera lomwe eni ake amangoti ku 25, ndipo tinafika kwa Yamikani dzuwa lili paliwombo. Mkazi wake Tiyamike anatithamangira kuchokera pakhonde. Ndi mtsikana wobadwira m'tauni, koma anagwada pafumbi pomwepo, n'kulandira dengu pamutu pa apongozi ake ndi manja awiri. Anathokoza kangapo konse. Kenako analowa nalo kukhitchini.

Ndinawanong'oneza azakhali kuti ndikatulutsemo kathumba kaja.

"Khala pansi," anandiletsa. "Munthu wangolandira kumene, iwe ukalowe kukhitchini kwake n'kumati ichi ayi, ichi inde? Aziti apongozi anabwera ndi mphatso n'kuyambanso kulanda. Tiwauza madzulo, titazolowerana."

Ndinaona kuti akunena zoona. Kwathu katundu amene mlendo watula pakhomo samufunsanso msanga. Ndinakhala pansi, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu pa kukhala pansi kumeneko.

Titadya, Yamikani anati tikawaonetse amayi mzinda. Tiyamike anatsala, akuti akonze za madzulo. Tinayamba ndi bwalo lalikulu la mpira, lomwe azakhali analiyang'ana kunja kokha n'kufunsa kuti mungalowe ngolo zingati za chimanga. Pa raundabauti ina tinapeza akwati akujambulitsa pakati pa maluwa, magalimoto akuwazungulira ndi mahutala. Azakhali anaimba nthungululu pawindo la minibasi, ndipo mkwatibwi anawabayibitsa. Izi zinawasangalatsa kwambiri kuposa bwalo lija.

Kumalo osungirako nyama zakutchire ndi komwe azakhali anakaniratu. Atamva kuti pachipata pamalipiridwa, anafunsa kuti m'katimo muli chiyani. Mlonda anatchula ng'ona, agwape ndi anyani.

"Anyani? Ndilipire kuti ndione anyani? Bambo, mubwere kumunda kwanga mu Malichi, mudzawaone ulere, ndipo ndidzakupatsani ndi mwala womwe."

Mlondayo anaseka mpaka kugwira chipata. M'malo mwake Yamikani anawagulira ayisikilimu, yemwe anadya pang'onopang'ono, akudandaula kuti mano awapweteka koma osamusiya. Tsiku limenelo ndinawaona azakhali akuseka ngati mtsikana, ndipo za kathumba tonse tinaiwala.

Tinabwerera ku 25 cha m'ma 5 koloko. Fungo linatichingamira tili pamsewu. Munthu wokulira kumudzi sangalisokoneze ndi china chilichonse.

Patebulo panali mbale yaikulu ya mtedza wokazinga, wothira mchere bwinobwino. Pambaula pankabwata mfutso wotendera. Tiyamike anagwada, nkhope ikuwala.

"Amayi, mtedza mwatibweretserawu sindinauonepo. Theka ndakazinga, theka ndasinja nsinjiro. Ndati mulawe dzanja langa."

Ndinatsegula pakamwa, koma azakhali anandiponda chala. Anayang'ana mbaleyo kanthawi. Kenako anatolamo njere zitatu, n'kutafuna.

"Wakazinga bwino, mwana wanga. Sunapsereze ngakhale imodzi."

Anadya ndiwo zija mpaka kutha, akuyamikira. Titalowa kuchipinda ndinapeza kathumba kaja katachapidwa kale, kali pachingwe. Azakhali anakapinda, n'kukaika pansi pa pilo.

Loweruka m'mawa ndinaganiza kuti sitipitanso, koma ndinawapeza azakhali atavala kale chitenje chawo chatsopano, mtedza wokazinga wotsala uli m'kambale. Anati alangizi anawalembetsa, ndipo munthu sathawa malo ake. Tiyamike naye anatiperekeza, atanyamula kambaleko monyadira. Ankaganiza kuti ndi kamba wa pa ulendo.

Chionetserocho chinali pabwalo lina lalikulu, m'matenti oyera. Kunali mapira, mawere, nzama, khobwe wa mitundumitundu, ndi chimanga chamakolo cha mawangamawanga chomwe ndinali nditachiiwala. Kutsogolo amayi ankavina chimtali, mbali ina gulu la oimba likuyesa zokuzira mawu, ana akudumpha m'chinyumba chopopa mpweya. Anthu a m'tauni ankajambula nzama ndi mafoni awo ngati aona chachilendo. Tikanabwera ndi mtima wina, linali tsiku lokoma ndithu.

Azakhali anakhala patebulo lawo n'kuika kambale kaja pakati. Anthu anayamba kulawa, ndipo wolawa aliyense ankaitana mnzake. Bambo wina wa tayi anafunsa mtengo wa mbewu yake. Mayi wina anati alembetse dzina kuti adzamusungireko. Azakhali ankangoyankha kuti chaka chino mbewu palibe.

Posakhalitsa anafika alangizi aja, ali wefuwefu.

"ANaphiri, mwafika! Koma uwu ndi wokazingatu. Mbewu ija ili kuti? Paja munati yatsala yomweyo basi?"

Tiyamike anali ataima pambali panga. Ndinamuona akuyang'ana alangizi, kenako kambale, kenako apongozi ake. Anakhala pansi pa udzu pomwepo n'kuyamba kulira, osasamala za anthu.

"Amayi, bwanji simunandiuze? Ndawononga ine. Ndawononga!"

Azakhali anasiya tebulo, n'kukakhala naye pansi ndi chitenje chatsopano chija.

"Tonthola. Iwe unachita zomwe mwana wolangidwa amachita, unalandira alendo. Pakamwa potseka panali panga. Ndinaopa kukuchititsa manyazi dzulo, ndiye taona ndakuchititsa lero pagulu. Undikhululukire ndine."

Ndinawamvera chisoni onse awiri, moti nanenso misozi inalengeza. Ndipo poyang'ana ngodya ya chitenje chomwe azakhali ankamupukutira nacho Tiyamike, ndinakumbukira mfundo ina.

"Azakhali! Mayi wa ku Phalombe uja!"

Anandiyang'ana, maso ali ofiira, koma pakamwa pakuoneka kumwetulira.

"Uti? Uja unandikalipira chifukwa cha iye?"

Lamulungu tinalawirira. Tiyamike anatikulungira buledi ndi mazira owiritsa, n'kutiperekeza mpaka kudepoti. Mumsewu wonse wa ku Nsaru palibe anayankhula za mtedza. Aliyense ankadziwa kuti manja awiri a mtedza, panyumba ya ana ndi njala, sachedwa kulowa m'chiwaya. Komanso lole ija ikanatha kubwera tsiku lisanakwane.

Pa Nsaru sitinadikire matola. Tinakwera njinga zamoto ziwiri mpaka pa mabulugama paja, n'kuyenda wapansi kutsata njira ya ngolo. Kuseri kwa zigafa zopanda fodya kunali tinyumba taudzu, ndipo anthu anali pakalikiliki kumanga katundu. Mphasa zinali zitakulungidwa, nkhuku zitamangidwa miyendo. Tinafunsa za mai a Fatsani, ndipo mayi wina anatilozera kanyumba kakumapeto.

Mai a Fatsani anatizindikira tili patali. Anatiyalira thumba popeza mphasa inali itamangidwa kale, n'kutipatsa moni mwadongosolo, mmodzimmodzi. Azakhali anafotokoza zonse, osamunenera zoipa Tiyamike ngakhale pang'ono. Pomaliza anati, "Sindinabwere kudzalanda, mayi. Ndangoti ndifunse ngati ulipo."

Mayiyo analowa m'nyumba. Tinamva akumasula mtolo womwe anali atamanga kale. Anatuluka ndi kachipewa ka khanda, komanga kukamwa ndi luzi.

"Bambo a kuno anaufuna dzulo kuti ndiwakazingire. Ndinawauza kuti ndinataya m'njira. Mulungu andikhululukire bodzalo."

Anakhuthulira m'lichero. Zinali njere zomwe zija, zikuluzikulu, zaziwisi. Anakankhira lichero lonse kwa azakhali, koma iwo anadula pakati ndi chala n'kumubwezera mbali imodzi. Anakanizana kanthawi, wina akukankhira uku, wina uko, mpaka mayiyo analola.

"Mukabzale kwanuko," anatero azakhali. "Kuno mvula ikadzadulanso, ndidzadziwa kokapempha."

Tinafika kumudzi dzuwa likupendeka. Anthu anatifunsa za mzinda, ndipo ine ndinawauza za akwati a pa raundabauti ndi anyani olipiritsa. Koma chomwe ndinabwera nacho ine n'china. Akuluakulu akamati kupatsa n'kuika, ndinkayesa ndi mawu ongotonthozera munthu amene zake zapita. Mtedza wonse womwe tinaufukata, kuuteteza kwa makoswe, adzukulu ndi mbuzi, unathera m'chiwaya. Unapulumuka ndi okhawo umene ndinkati watayika.

Mvula yoyamba itagwa, Tiyamike anabwera yekha pa minibasi, ndi nsapato zosayenera kumunda. Mbewuyo inangokwana mizere itatu yaifupi kuseri kwa nyumba. Azakhali anamupatsa njerezo m'manja kuti abzale iyeyo, iwo akukwirira pambuyo pake ndi phazi.