Makhadi Ofiira a Achimwene

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anabwera ndi kabokosi ka makhadi kuchokera kumsonkhano wa kunja. Ndinali ndi zaka khumi, tikukhala ku Area 12, bambo akugwira ntchito ku Capital Hill. Makhadiwo anagulira achimwene anga a Limbani, amene anali atasiya sukulu chifukwa cha matenda a impso.

Sanali makhadi a njuga ayi. Anali ndi zithunzi za zilombo, afiti ndi asilikali, ndipo aliyense ankasankha mulu wake womenyera nkhondo. Mtundu uliwonse unali ndi khalidwe lake. Ofiira ankatentha mdani msangamsanga, koma sankachedwa kutha. Obiriwira ankayamba ndi tizilombo tofooka, n'kumakula pang'onopang'ono mpaka mdani kusowa kothawira. Ine ndinkangotola okongola, mitundu yonse pamodzi, ndipo ndinkagonja tsiku ndi tsiku.

"Iwe Tadala, sankha mtundu umodzi," anandiuza achimwene. "Obiriwira amafuna nthawi, ofiira sadikira. Ukangowasakaniza amakokana okhaokha."

Iwo ankakonda obiriwira. Tinkasewera pakhonde, iwo atasanjika mapazi awo otupa pampando, fungo la mankhwala likutuluka pazenera la kuchipinda kwawo. Ankandisiya ndiwamenye ndiwamenye, akungomwetulira, kenako dzuwa likapendeka zilombo zawo zinkandimeza.

M'nyengo yotentha anawagoneka kuchipatala kwa masabata angapo. Atabwerako, mayi anandiuza kukhitchini kuti adokotala akuti zikuyenda bwino. Ananena akutsuka kapu yomwe inali yoyera kale.

Mawa lake ndinapeza achimwene atayala makhadi pabedi. Anachotsa obiriwira onse n'kundipatsa ine, iwo n'kusonkhanitsa ofiira okhaokha. Masewera athu anatha tiyi wawo asanazizire.

"Achimwene, si inu munkati ofiira sachedwa kutha?"

"Eya, sachedwa. Gawa tiyambirenso."

Kuyambira pamenepo tinkasewera maulendo ambirimbiri, aafupi okhaokha, chifukwa sankathanso kukhala tsonga nthawi yaitali. Ine ndinkakwiya. Ndinkafuna achimwene anga akale, odekha aja.

Tsiku lina ndinapirira moto wawo wonse. Makhadi anawathera m'manja, zilombo zanga zitakula kudzaza thireyi yomwe tinkaseweretsapo. Aka kanali koyamba kuti ndiyandikire kupambana. Ndinadzutsa mutu kuti ndiwaseke, koma ndinaona atatsamira khoma, thukuta lili kamukamu, akupuma ndi pakamwa.

"Waphunzira," anatero. "Usasokoneze. Timaliza mawa."

Ndinanyamula thireyiyo mosamala n'kuiika pamwamba pa kabati. M'mawa bambo sanapite kuntchito. Anawanyamula achimwene m'manja ngati kamwana kukawalowetsa m'galimoto, ndipo achimwenewo kunyumba sanabwererenso amoyo. Patsiku la maliro azakhali anafuna thireyi yoperekera tiyi kwa anthu, ndiye anangokhuthulira makhadi onse m'jumbo.

Panopa ndine mayi wa ana awiri, ndipo ndikumvetsa zimene sindinkaziona. Akuluakulu onse m'nyumba ija ankabisirana, aliyense poopa kuliza mnzake. Achimwene ankadziwa kuti masiku awachepera, ndipo anandiuza m'njira yokhayo imene akanatha, koma ine ndinali mwana. Masiku ano munthu wanga akasintha mwadzidzidzi kachitidwe kake ka zinthu, sindithamangira kumukwiyira. Ndimakoka mpando, n'kukhala pafupi, n'kumufunsa chimene wamva.