Masekondi Khumi ndi Anayi a Abambo

Ku koleji ndinakhalako chaka ndi theka, kenako akuluakulu a kumeneko anandilembera kalata yaulemu kwambiri yondipempha kuti nzeru zanga ndikapitirizire kwina. Ndinamvera. Ndinakwera minibasi ya ku Mwanza, n'kutsikira pa boma, n'kukwera kabaza mpaka kwathu kwa Kanduku. Kuyambira tsiku limenelo udindo wanga pamudzi unali wokonza mafoni a anthu. Kukonza kwake kunali kuzimitsa ndi kuyatsanso, koma ndinkachita zimenezi nkhope ili gwaa, ndipo anthu anayamba kunditchula kuti a Injiniya.

Tabuleti anatumiza ndi achemwali anga aakulu, amene amagwira ntchito ku Joni. Inabwera pa thiraki itakulungidwa m'bulangete, kuti amayi aziwaona pankhope akamayankhulana. Koma netiweki kwathu imapezeka pamwamba pa chulu, kuseri kwa khola la mbuzi, ndipo masiku ena imene imabwera ndi ya ku Mozambiki, yotilandira m'Chipwitikizi m'dziko limene sitinalowemo. Kuonera vidiyo pomwepo kunali kosatheka. Ndiye ndikapita ku boma ndinkatsegula apu yoonera mavidiyo, n'kusunga amene ndawafuna mkati mwa apu yomweyo, kuti kumudzi ndikaonere popanda netiweki.

Abambo anamwalira manachesi atapsa. Anadwala masiku asanu basi. Zithunzi zawo tinali nazo ziwiri: cha pachiphaso, pamene amaoneka ngati awagwira akuba nkhuku, ndi cha paukwati, chimene chiswe chinadya mbali ya mkwati n'kusiya amayi akumwetulira okha.

Patapita miyezi ingapo, mnzanga wina pamsika wa pa boma anandiuza kuti abambo ali pa intaneti. Mphunzitsi wina wa pasukulu yapafupi anajambula kwaya ya kutchalitchi kwathu ikuimba panja, n'kuika vidiyoyo patsamba lake. Abambo sanali a kwaya. Mawu awo ankathamangitsa akhwangwala m'munda. Koma pakati pa nyimbo yachiwiri, kumbuyo kwa oimba, pamadutsa mbuzi, ndipo pambuyo pa mbuziyo pamabwera abambo atanyamula phesi la chimanga. Amaima, amazindikira kuti akujambulidwa, amavula chipewa, amaseka, n'kupitiriza kulondola mbuzi. Masekondi khumi ndi anayi. Ndinawerenga.

Ndinaisunga vidiyoyo n'kupita nayo kwa amayi. Anaonera osaphethira. Itatha anati, "Malaya amenewa ndinawauza kuti asavalenso. Bwezera."

Kuchokera apo, madzulo aliwonse akachoka kudimba ankasamba m'manja n'kuitana: "Iwe, tandiyatsire abambo ako." Anaphunzira okha pokokera chala kuti adumphe nyimbo yoyamba. Abambo akavula chipewa, amayi ankaimitsa vidiyo n'kuwauza za tsikulo: mbuzi yabereka awiri, denga likudontha pakona, mwana wanu uja akadali pano, akudya bwino.

Ine nanenso ndinali pa maphunziro. M'apu yomweyo ndinasungamo mavidiyo ophunzitsa kuweta zinziri, chifukwa ndinali nditatsimikiza kuti tsogolo langa lili m'zinziri. Ndinasunganso a ulimi wa bowa, a mpira, ndi mafilimu a nkhondo oti ndizipumira ndikatopa ndi zinziri. Zinziri zenizeni sindinawetepo ngakhale imodzi.

Chaka chitatha tinamanga chiliza. Achemwali sanathe kubwera chifukwa cha mapepala awo, ndiye anandiimbira.

"Ujambule zonse, wamva? Kuyambira pemphero mpaka kuvundukula nsalu. Ndipo dzanja lisanjenjemere ngati nthawi ija unajambula mapazi a anthu."

Tsikulo m'mawa anthu anali atasonkhana, njinga ya abusa itatsamira kale pamtengo wa nachesi. Ndinatsegula kamera. Tabuleti inakana, inati malo atha. Nditayang'ana, ndinapeza kuti amene wadya malo onse ndi apu ya mavidiyo ija. Pansi pake panali mabatani awiri. Loyamba limasesa tizinyalala timene timatsalira munthu akamaonera. Ndinalidina, malo amene anapezeka sakanakwanira ngakhale pemphero lotsegulira la abusa athu. Njira yanzeru inali kulowa m'apumo n'kuchotsa zinziri imodziimodzi, koma zinali zambiri, ndipo amalume anali akukuwa ali panjira ya kumanda.

"A Injiniya! Kodi tidikire inu mpaka akufa adzuke?"

Ndinadina batani lachiwiri. Panabwera chenjezo la mizere itatu m'Chingerezi. Chingerezi ndimachimva bwino. Kungoti malangizo olembedwa pamwamba pa pepala sindinazolowere kuwawerenga, ndipo akuluakulu a ku koleji angachitire umboni. Ndinavomera. Malo anatseguka ngati munda wotentha.

Ndinajambula mwambo wonse. Chiliza chinaoneka bwino, matailosi ake akuwala, dzina litalembedwa molondola. Dzanja silinanjenjemere ngakhale kamodzi. Pa ntchito zonse zimene ndagwirapo, imeneyi ndiyo ndinaigwira bwino kwambiri.

Mawa lake madzulo, alendo atabalalika, amayi anasamba m'manja n'kuitana monga mwa masiku onse. Ndinatsegula apu. Inandilonjera ngati mlendo, n'kundifunsa chilankhulo chimene ndimakonda. Pamene pamakhala mavidiyo osungidwa panali poyera.

"Ikufuna netiweki ya ku boma," ndinatero.

"Abambo ako ayamba liti kufuna netiweki?"

"Zimachitika, amayi. N'za makina."

Kutacha ndinapalasa njinga mpaka ku boma. Mtima unali m'malo pang'ono, chifukwa ndinkadziwa kuti za pa intaneti sizitayika. Zimenezi ndinaziphunzira chaka choyamba ku koleji. Ndinafufuza dzina la kwaya, dzina la tchalitchi, mayina a nyimbo. Vidiyo panalibe. Tsamba lonse la mphunzitsi uja panalibe.

Mphunzitsiyo anali atasamutsidwira kumpoto. Nambala yake anandipatsa ndi akazi a ahedi. Anayankha ali m'kalasi, ana akusokosera, ndipo ndinamufunsa za vidiyo ya kwaya ija.

"Aaa, pepani achimwene. Tsamba lija anthu ena analilanda, akuika zachabechabe, ndiye linatsekedwa. Foni imene ndinajambulira anandibera m'minibasi." Nditatchula abambo, anafunsa: "Aja a mbuzi aja? Anali bambo anu? Ndinkafuna kudula pamenepo, koma ana a sukulu anati ndi pokoma. Ali bwanji?"

Ndinamuuza m'mene alili.

Masiku awiri otsatira ndinayenda khomo ndi khomo kwa anthu a kwaya. Onse anaionerapo, wosunga panalibe. Woimbitsa kwaya yekha anali ndi mawu okhaokha pa memori khadi, oti azimvera pa wailesi. Tinakhala pakhonde pake n'kumvetsera nyimbo yachiwiri katatu. Mbuzi ikumveka, kamodzi, chapatali. Abambo ayi. Kuseka kwawo kunakwiriridwa ndi azimayi oimba mokweza.

Masiku onsewo amayi ankafunsa, ine n'kumati netiweki. Tsiku lachinayi sanafunse. Ndinawapeza pamphasa akuswa mtedza, ndipo kusafunsa kwawoko ndiko kunandigwetsa. Ndinakhala pansi patali pang'ono.

"Amayi, abambo aja ndinawafufuta."

Manja awo anaima. "Unawafufuta bwanji?"

"Ndinkafuna malo ojambulira chiliza."

"Malo anachepa?"

"Eya."

"Abambo ako ndiwo ankadya malowo?"

"Ayi. Zinziri."

Sanaseke, ndipo ine sindinanene kuti aseke. Ndinawafotokozera za mabatani awiri, za mphunzitsi, za foni yobedwa. Ankamvetsera akuyang'ana m'lichero. Ndinkadikira kuti andilalatire. Ndinali nditakonzekera kumva za koleji, za ndevu zanga, za anzanga amene akugwira ntchito kumalire. Ndikanalandira zonse mokondwa.

"Ndiye chiliza chinalowa?"

"Chinalowa chonse."

"Utumize kwa achemwali ako. Ine chiliza ndimachiona ndikamapita kudimba."

Anaswa mtedza wina, n'kuponya makoko m'lichero, mtedza pansi. Ataona zimene achita anangozisiya choncho. Nkhuku inabwera kudzatola, osaiingitsa.

Patapita nthawi anafunsa, "Pano malo alimo?"

"Ambiri."

Anadzuka n'kulowa m'nyumba. Ndinamva chivundikiro cha sutikesi. Anatuluka atavala chitenje chawo cha kutchalitchi ndi mpango woyera, atadzola mafuta kumaso. Anatulutsa mpando umene timapatsa alendo, n'kukhalapo atawongoka ngati ali pamaso pa dokotala, manja pamaondo.

"Ndijambule. Ana a achemwali ako asadzavutike ngati ine. Ndipo usunge pawiri, a Injiniya."

Ndinayatsa kamera. Nthawi ino tabuleti ndinachita kuitsamiritsa pabondo.

"Ndinene chiyani?"

"Chilichonse, amayi."

Anayang'ana galasi la tabuleti nthawi yaitali. Anakonza mpango. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Kumbuyo kwawo sikunadutse kanthu, ngakhale galu.

"Abambo ako sanakonzekere," anatero. "N'chifukwa chake anaoneka bwino. Zimitsa."

Ndinazimitsa. Vidiyoyo ndinaisunga pa memori khadi, ina ndinakatumiza ku Joni ndili pa chulu. Amayi anavula mpango, n'kubwezera mpando m'nyumba. Sanandipemphepo kuti aione.