Chingwe Chachifupi mu Mtondo wa Kumanda

Ntchito yanga yoyamba ya kwa mzungu anandipezera ndi Che Amidu, mjomba wa mkazi wanga, mlongo wa amayi ake. Ine kwathu ndi ku Nsanama, koma ndinakakwatira kumudzi wina kum'mwera kwa Balaka, kufupi ndi njanji, ndipo ndinkakhala komweko pachikamwini. Nkhondo yachiwiri inali itatha, chitaganya chisanabwere. Mudziwo unali pamalo a esiteti ya fodya. Munthu ukamuyankha udyo mzungu kapena kapitawo wake, sankathamangitsa iwe wekha, ankagwetsa nyumba za mbumba yonse. Tonse tinkayenda tikudziwa zimenezo.

Che Amidu ankagulitsa nsomba zouma za ku Chiuta, ndipo ankadziwana ndi khukhi wa mzungu, aMatiyasi. Tsiku lina anabwerako ndi mawu akuti kunyumba yaikulu kukufunika munthu wosaopa kukwera pamwamba. "Ndawauza kuti mkamwini wanga amafula njuchi," anatero. Pondiperekeza mpaka pachipata anangonena chimodzi: "Jafali, kumeneko mukagwire ndi manja. Pakamwa musiye kuno."

Mzunguyo anali atangofika kumene m'dziko muno kudzathandiza kuyang'anira mabani a fodya. Tinkamutcha Chimakutu, chifukwa akaweruka ankavala timbale takuda m'makutu n'kukhala kutsogolo kwa wayilesi yake. Sinali wayilesi yongomvera. Inali yotumizanso mawu, ndipo iye ankagogoda kachitsulo patebulo, anzake a kutsidya kwa nyanja n'kumamuyankha. Sikunali kulembedwa ntchito kumeneko, chinali chilakolako chake chabe. Chimene ankafuna kwa ine chinali eriyo, waya wam'mwamba woti mawu azitulukira ndi kulowera.

Ine nthawi imeneyo sindinkadziwa kuwerenga. Bambo anakana kunditumiza kusukulu ya mishoni poopa kuti akandichotsa m'Chisilamu, ndipo kulemba kuno ndaphunzira ndili ndi imvi, kusukulu ya kwacha. Choncho manambala a patepi anali a Chimakutu. Changa chinali kugwira nsonga ndi kuona. Koma zimene ndinaona ndikuzikumbukira bwino.

Eriyoyo sinali waya mmodzi. Pakati panali kathabwa kolimba kophikidwa m'phula kuti kasamwe madzi. Kuchokera pakathabwako, mawaya amkuwa ankapita uku ndi uku, awiriawiri ofanana msinkhu: aatali kwambiri pamwamba, apakati pansi pake, aafupi pansi penipeni. Chimakutu ankati awiri aliwonse ali ndi njira yawo ya mawu, ina yabwino masana, ina madzulo, ina yofika kutali. Kuti asakhudzane tinkawatalikitsa ndi timitengo tansungwi toboola ndi msomali wamoto. Kunsonga kwa waya aliyense tinkamanga kadongo koyera kosalala, kamene tinkangokatcha dzira, ndipo kuseri kwa dziralo n'kumene kunkayambira chingwe. Polumikiza, ndinkapala mkuwa ndi mpeni mpaka uwale, n'kupota ndi pulayala, iye n'kuthirapo mtovu ndi chitsulo chimene ndinkatenthetsa pamakala. Mtovu ukakhala wotuwa ngati phala ankachotsa n'kuyambiranso. Unkafunika uyenderere n'kunyezimira.

Kathabwa kapakati tinakakweza pansanja ya thanki yamadzi, waya wonenepa n'kutsikira pawindo la chipinda cha wayilesi. Mbali ina tinamanga padenga la bani ndi kawilo kokokera. Inatsala mbali inayo. Mitengo yonse yaitali m'deralo inali itathera m'mabani ndi m'sitima. Kunangotsala katchire kamodzi kowirira kuseri kwa mpanda, ndipo mkati mwake munali mtondo waukulu.

Chimakutu analoza. "Mtengo uja. Iwe kukwera?"

Katchireko kanali manda a akuchikazi kwanga. Iye sankadziwa, chifukwa manda athu analibe mitanda kapena simenti, inali mitumbira chabe pansi pa masamba. Kumanda munthu salowa popanda maliro, ndipo mkamwini salowa osatumidwa ndi eni ake. Ndinayang'ana aMatiyasi, amene ankayanika nsalu zambale chapafupi. Iwo anayang'ana nsalu zawo.

"Inde, bwana," ndinatero.

Madzulo ndinawafunsa aMatiyasi ngati ndingabwerere kukafotokoza. Anati, "Wavomera kale. Ukufuna akauze wamkulu wake kuti anthu a mudzi uja akukaniza malo a esiteti? Kwera, umange, utsike. Akufa sanena."

Ndinkaganiza kuti ndikwera kamodzi. Sindinkadziwa kuti eriyo imachunidwa. Chimakutu anali ndi kabokosi kokhala ndi singano. Akakalumikiza ku waya n'kumapotokola kachitsulo ka pabokosipo, singano inkagwa pamalo pamene wayayo akuvomera. Ikagwa pansi pa pamene iye akufuna, ndiye kuti waya watalika: tsitsa, fupikitsa mbali zonse ziwiri mofanana, kweza, yesanso. Ankayamba ndi mawaya aatali, chifukwa ukakhudza amenewo enawo amasuntha. Ukakonza apakati, aafupi asokonekera. Poyamba ankangopinda nsonga, akakhutira ndiye ankadula, poti waya wodula sabwerera.

Iye ankafuna kuti mumtondo muikidwenso kawilo, chingwe chizilendewera mpaka pansi kuti tizikoka tili chiimire. Ine ndinaona m'maganizo chingwe chikulendewera pakati pa mitumbira, munthu wa kumudzi n'kuchipeza. Ndinati ana adzaba. Anavomera. Motero ndinadzimangira ndekha ntchito: nthawi iliyonse yotsitsa ndinkakwera ndi chingwe chachitali, n'kumasula kachingwe kakhonje kapanthambi, n'kutsitsa. Pokweza chimodzimodzi. Chingwe chachitalicho ndinkatuluka nacho, pamtengo n'kungotsala mfundo yobisika m'masamba. Masiku amenewo sindinkapita kumudzi, ndinkagona kukhitchini. Sindinkafuna kudya mbale imodzi ndi alamu anga ndi mapazi ochokera kumene ndinkachokerako.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali la m'chilimwe, dzuwa la ku Balaka lija loti nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Chimakutu anali atadula mawaya aatali komaliza. M'mawa ndinakwera, n'kukoka eriyo mpaka inafika, n'kugwira kachingwe kakhonje kaja. Iye anaitana ali kumpanda kuti ndimuponyere chingwe chachitali, akufuna akokere mbali ya kubani. Ndinamasula n'kuponya. Pamene ndinkati ndimange, ndinapeza kuti waya pofupika wadya chingwe. Kachingwe kakhonjeko kanangozungulira nthambi kamodzi, kotsala n'kosakwana mfundo.

"Chingwe chachepa, bwana."

"Gwira pomwepo. Ine kuyesa, ine kubwera."

Ndinakulunga nsongayo kudzanja lamanja, lamanzere n'kukumbatira nthambi. Ndinamva chitseko. Patapita kanthawi ndinamva kapitawo akuitana, kenako lole ikulira, ikutuluka pachipata, mpaka phokoso linazimirira cha ku Balaka. Ndinadziuza kuti wangopita pafupi.

Kenako ndinamva makasu akugundana, ndi mawu a amuna akubwera ndi kanjira ka kumudzi.

Analowa m'manda n'kuima pamalo oyera, pansi penipeni pa pamene mawaya ankadutsa. Ndinawadziwa onse. Patsogolo panali Yusufu, mchimwene wa mkazi wanga. Anayeza ndi bango, n'kuyamba kukumba. Ife Asilamu sitigoneka maliro, munthu akamwalira m'mawa amaikidwa tsiku lomwelo. Ndinkangofuna kumva kuti ndani.

"Nthaka iyi ndi ya Che Amidu ndithu," anatero mmodzi khasu litanjanja. "Yokanika ngati mtengo wa nsomba zawo."

Anzake anaseka pang'ono, monga amachitira okumba manda. Ine chingwe chinaterereka m'dzanja, ndinachigwira chikupita.

"Nanga mkamwini wa kwa mzungu ali kuti? Si ndiye ayenera kuyamba khasu?"

"Tinatuma mwana. Khukhi akuti wakwera lole ndi bwana wake."

"Manja asalala ndi sopo amenewo. Angakumbe?"

"Musiyeni," anatero Yusufu. "Akanamva akanabwera. Mjomba ankamukonda."

Kutsika sindikanatha. Ndikanasiya chingwe, mkuwa wonse uja ndi nsungwi ndi mazira zikanagwera pamitu pawo ndi m'dzenje. Kuitana sindikanathanso: ndikanati ndili kuno, kuti? Pamwamba pa azigogo awo, ndi waya wa mzungu m'manja. Ndinangokhala. Mphepo ikawomba eriyo inkakoka ngati ng'ombe, khonje n'kumalowa m'mnofu. Nyerere zinandipeza, zinalowa m'kabudula ndi m'khwapa, ndilibe dzanja lozichotsera. Magazi ankatsika m'mkono mpaka pachigongono, ndipo ndinkawapukutira pamalaya kuti asadonthe.

Ndinaona zonse kuchokera pamwamba, malo amene munthu sayenera kuonera maliro. Anakumba dzenje, n'kukumbanso kaphanga kam'mbali kogonekamo thupi. Dzuwa litapendeka linabwera jeneza, chithatha chonyamulira maliro, amuna akulandizana pamapewa. Shehe anaima kumutu. Anatambasula nsalu pamwamba pa dzenje, n'kutsitsa Che Amidu mu sanda yawo yoyera. Palibe anayang'ana kumwamba. Pamaliro anthu amayang'ana pansi.

Mitengo yotsekera kaphanga inakwana, koma masamba oyala pamwamba pake anachepa. Yusufu anatenga chikwanje n'kubwera patsinde pa mtondo kudzasadza tinthambi tam'munsi. Atakweza mutu kuti asankhe, anaona mapazi anga. Anakweza maso mpaka tinayang'anana. Anatsatira mkono wanga, chingwe, dzira, waya mpaka kumpanda. Kenako anadula masamba ake n'kubwerera.

Aliyense anaponya dothi ndi dzanja lake, anafotsera, shehe anawerenga duwa, pemphero lathu lotsanzikira, anthu n'kumatuluka. Yusufu anati atsalira kuti asonkhanitse makasu. Kutakhala zii anabwera patsinde.

"Tsikani, alamu."

"Sindingathe. Ndikasiya, zigwera pamtumbira."

Anaika makasu pansi. Kenako anatola luzi lotsala pomanga mitengo ija, analipota, n'kukwera. Sanali wodziwa kukwera, ndinkamva akupuma movutika. Atafika analumikiza luzi ku khonje n'kumanga panthambi. Dzanja langa linakana kutambasuka, anachita kutsegula chala chimodzichimodzi.

Tili pansi anandiloza mtumbira. "Ponyani lanu."

Ndinatapa dothi ndi dzanja lomwelo n'kuponya.

"Mwayamba liti kulowa muno?"

Ndinamuuza.

"Mzungu akudziwa kuti ndi manda?"

"Iyayi."

"Munamuuza akakana?"

"Sindinamuuze."

Anagwedeza mutu n'kusenza makasu. "Ine sindikanena. Mukanena nokha, lero, anthu asanabalalike pasiwa. Ndipo mawa dzuwa lisanakwere waya ameneyu achoke."

Chimakutu anabwera madzulo ali ndi fumbi, atanyamula katundu wa kusiteshoni. Atandiona ndi dzanja lokulunga sanza anagwira pamutu, n'kunena mawu a kwawo. Anali ataiwaliratu. Pamenepo ndinalankhula zimene ndinayenera kulankhula tsiku loyamba lija. Ndinati mtengo uja uli pamanda, lero aikapo munthu amene anandibweretsa pano, ndipo sindikweranso kupatula kukamasula. Ndinkaganiza za nyumba za mbumba yonse.

Iye anayang'ana kukatchire kuja. "Manda? Bwanji iwe osanena?"

Sanathamangitse munthu. M'mawa tinamasula, ndipo anatumiza ngolo kukatenga mlongoti wabulugamu kumabani. Tinaukumbira mkati mwa mpanda, kawilo pamwamba, chingwe mpaka pansi. Unali waufupi kuposa mtondo, choncho mawaya anapendekera ndipo singano inasuntha, tinachunanso poyambira. Sabata isanathe anali akugogoda kachitsulo kake, anzake akumuyankha. Mlongotiwo unali uli kumabani nthawi yonse imene ine ndinkakwera mumtondo.

Pasiwa ndinali nditanena usiku usanagwe, pamaso pa shehe ndi akuluakulu. Mkazi wanga anamva ali m'nyumba ndi amayi anzake. Ndinkayembekeza kuti andipatsa mphasa yanga ndibwerere ku Nsanama. Anakambirana m'Chiyao chapansipansi, kenako wamkulu wina anati, "Mwamva chisoni, taona. Khalani. Ana ndi anu." Sanandiimbe mlandu, sanandilipitse kanthu.

Chilango ndinachizindikira pa maliro otsatira. M'mawa amuna akutenga makasu, nanenso ndinatambasula dzanja. Yusufu analigwira khasulo mofatsa. "Inu khalani pano, alamu, muzilandira alendo." Maliro enanso chimodzimodzi. Ndakhala m'mudzi umenewu mpaka ukalamba, ndaika ana anga awiri ndi mkazi wanga, ndipo khasu la kumanda sanandipatsepo. Palibe ananditukwana. Amene ankadziwa chifukwa chake onse anapita, koma adzukulu awo mpaka lero amandipatsa mpando.

Ntchito ya mawaya ndinapitiriza. Chimakutu atachoka ndinakweza ma eriyo kwa azungu ena ndi kwa amwenye a masitolo, ndipo pambuyo pake ndinaphunzitsako achinyamata. Ndinkawauza za kupala mkuwa, za kuyamba ndi waya wamtali, za kupinda usanadule, za kusiya chingwe chotsalira. Koma ndisanawalole kugwira makwerero ndinkawafunsa ngati pali chimene akuchidziwa pamalopo chimene mwini ntchito sakuchidziwa, ndipo ndinkadikira mpaka ayankhe. Mawu otero amanenedwa mapazi ali pansi. Ukakwera, manja onse awiri amakhala ndi ntchito.

Chipsera cha khonje chikadalipo, chimadutsa chikhatho chonse, ndipo cholembera ndimachigwira ndi zala zitatu. Che Amidu anandiuza kuti ndikagwire ndi manja, pakamwa ndisiye kumudzi. Ndinawamvera. Tsiku limene ankafuna manja angawo kuti awakumbire, manjawo anali pamwamba pawo, atagwira chingwe.