Mitengo ya Kuseri kwa Mafulati Athu

Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka khumi ndi zisanu pamene aphunzitsi ake anamutuma kumanda. Iwo sankati manda ayi. Ankati nkhalango, kachigwa kowirira kamene kanali kuseri kwa mafulati athu ku North York, ku Canada. Mwana aliyense akalowemo yekha, akakhale chete, amve zimene mitengo ikunena. Akuti munthu azidzidalira, azimvera mtima wake osati chigulu, ndipo Mulungu amapezekanso m'masamba, osati m'tchalitchi mokha.

Ndinamenya tebulo mpaka tiyi anatayika.

"Sukupitako."

Anandiyankha m'Chingerezi, monga mwa masiku onse, kuti akapanda kupita alephera.

"Lephera! Anthu analephera Fomu Folo ali moyo mpaka lero."

"Bambo ake, kuno si ku Dedza," anatero mkazi wanga. "Ndi mitengo chabe."

Mawa lake nditaweruka kuchipatala, kumene ndinkakankha odwala pamachira, ndinalunjika kusukuluko ndi yunifolomu yomwe. Mphunzitsiyo anali mzungu wowonda, wandevu ngati tonde. Ndinamuuza mosapsatira: kwathu mitengo ya nkhuni timadula, ya milimo timadula, koma mukaona ina itaima payokha, yowirira, nkhwangwa isanaikhudzepo, dziwani kuti pansi pake pagona anthu. Sulowamo wekha. Suloza ndi chala. Munthuyo maso anachita kuwala. Akuti kumeneko ndiye kusamala chilengedwe kwenikweni, ndibwere ndidzafotokozere kalasi yonse. Ndinatuluka ndisanamuwombe khofi.

Mayi anga anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo kumaliro sindinapite. Masiku amenewo munthu wochoka kumudzi mmene ndinachokera ine, atayankhula pagulu zimene anzake ankangonong'ona, akatsika ndege sankafika pakhomo pake. Kumvera mtima kumeneko ndinali nditakulawa kale. Dothi la pamanda a mayi anga anaponya ndi anthu ena.

Loweruka masana ndinagonja, koma ndinati ndimuperekeza mpaka m'mphepete basi. Inali nyengo ija masamba amafiira n'kumayoyoka. Iye analowa. Ine ndinaima pakanjira, manja m'matumba a jekete, ndikutukwana chamumtima.

Kenako fungo linandipeza. Masamba onyowa, dothi lofukulidwa kumene. Ndiyeno ndinamva khasu. Khu. Khu. Kupuma pang'ono, kenako khu, mmene adzukulu amakumbira akafika pa nthaka yolimba. Mkazi wanga mpaka lero amati anali anthu okonza msewu kutsidya. Loweruka? Ndi khasu, ku Canada?

Ndinaitana mwanayo. Zii. Ndinaitananso mokalipa. Anali atauzidwa kukhala chete, ndiye tsiku limenelo ndi limene anasankha kumvera akuluakulu.

Ndinavula chipewa, ndinawomba m'manja. "Odi, eni kuno." Ine bambo wamkulu, wozolowera masiteshoni a sitima yapansi pa nthaka ndi mabasi, ndikuodira mitengo ya eni ake. Ndinalowa.

Ndinamupeza atakhala pansi patsinde la mtengo waukulu, miyendo atatambasula, mpango atakulunga kumutu chifukwa cha mphepo, nkhope atazolika. Palibe anamuphunzitsa kuti umu ndi mmene azimayi amakhalira pamaliro. Khosi lija, mapewa aja, anali mayi anga enieni. Khasu linali litaleka.

"Adadi, munati simulowa."

"Khala chete. Si ndizo anakutuma aphunzitsi?"

Ndinagwada, ndinapalasa masamba, n'kutapa dothi. Linali lakuda, lozizira ngati lochokera mufiriji. Ndinaliponya patsinde paja. Ndinatapa lina n'kumupatsira m'manja. Anandiyang'ana. Anaponya.

Pobwerera ndinamuuza kuti asacheuke, ndipo sanacheuke. Titafika pachitseko cha fulati sindinalowetse kiyi. Ndinagogoda, ndinauza mayi ake atulutse beseni la madzi, pakuti munthu wochokera kumanda salowa m'nyumba asanasambe m'manja. Tinasamba mukhonde momwemo, neba wathu atangoti kakasi ndi kagalu kake.

Mkazi wanga anaona madzi aja akuda, anaona dothi m'zikhadabo za mwana. Anatula beseni, anakhala pansi pakapeti ya mukhondemo, manja kunkhongo, n'kuyamba kulira apongozi ake mokweza, mmene timalirira kwathu, maliro amene anawameza chaka chathunthu poopa anthu a kuseri kwa khoma. Zitseko zinayamba kutseguka. Sindinamuletse.