Tsiku limene ndinakhomera bokosi la Zakeyo

Ndinadzuka tambala asanalire. Moto wa pabwalo unali utasanduka phulusa. Azibambo anali kugona pamipando, azimayi m'nyumba mawu atasasa. Ndinasamba kumaso n'kuyenda kupita ku mochale ya pa Boma, kumene kunali Zakeyo, mwana wa mlongo wanga. Anamubaya mpeni padoko, magulu awiri a anyamata akulimbirana malo otsitsira nsomba.

Ine ndine malume wake, choncho ndinamusambitsa ndine. Nkhope yonse inali mizere yakuda, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano. Anaitengera mu filimu ya m'kanyumba ka vidiyo pamsika, ya Amaori a ku New Zealand, anthu olandidwa dziko, okhala m'makomboni, ana awo n'kumalowa magulu a ndewu atadzilemba kumaso. Anaionera mpaka kuiloweza. Tsiku lina anandifunsa ngati n'zoona kuti makolo athu Achikunda ankatemanso mphini kumaso. Ndinamuuza kuti akasoke ukonde. Patapita sabata anabwera nkhope itatupa ndi singano ndi inki. Ndinamuthamangitsira pachipata amayi ake ali kudimba. Amayi akewo anatha zaka ziwiri osamuona.

Mu mochalemo ndinamupaka paudala katatu. Mizere inkaonekabe.

Tinafika naye kunyumba dzuwa la Okutobala litayamba kuwotcha. Anthu anali atadzaza, ena a mabwato ochokera ku Zumbo, ena oyenda pansi kuchokera ku Kavalamanja. Ambiri sanabwere kudzalira. Ndinawamva pamadiramu a madzi akufunsana nthawi yoona nkhope, mafoni ali m'manja.

Nyimbo yoonera nkhope itayamba, ndinatenga hamala ndi misomali.

Mlongo wanga anakwawa n'kundigwira mwendo. "Achimwene, kamodzi kokha. Ndimuone mwana wanga."

Ndinauza azimayi a mpingo amuchotse. Ndinakhoma misomali yonse.

Kumanda anzake a Zakeyo anavula malaya n'kuima mzere. Anaponda pansi, kudzimenya ntchafu, kutulutsa malilime, kukuwa mawu a mu filimu amene sankawadziwa tanthauzo. Anthu anaseka. Wamtali wa pakati ankakuwa misozi ikutsika. Ndinauza okumba manda awathamangitse ndi mafosholo. Mmodzi anachoka khutu likuchucha magazi.

Madzulo anthu anabalalika. Panatsala nkhuni zosapsa ndi mipando ya tchalitchi. Ndinalowa m'nyumba kukatsanzika. Mlongo wanga anali pamphasa, nsana kukhoma.

"Mizereyo inali yotani?" anafunsa. "Munaiona ndinu nokha."

"Yonyansa."

"Agogo aamuna anali nayo pamasaya. Inu munkaiwerenga ndi chala, mutakhala pamiyendo pawo."

Hamala inali patebulo pomwe ndinaisiya. Mlongo wanga anaitenga, n'kundipatsa, n'kunditulutsa, n'kutseka chitseko ndili panja.