Tauni ya a Pavele pa Chitseko

Fungo la guluu ndi utuchi wonyowa limandibwezera ku Girrawheen, m'nyengo yozizira yoyamba titafika ku Perth. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kwathu ku Lilongwe mu Juni kumazizira kopanda mvula, koma kuno mvula inkabwera pamodzi ndi chisanu, moti ndinkaona ngati dziko lazungulira mutu. Amayi ankasamalira okalamba, abambo ankanyamula katundu ku Malaga, dera la mafakitale la mu Perth momwemo, ine ndikaweruka kusukulu ndinkapeza m'nyumba muli zii. Kusukuluko Chingerezi changa ankachiseka, ndiye ndinangotseka pakamwa.

M'nyumba yoyandikana nafe munkakhala a Pavele, mzungu wokalamba wa ku Czech, wosakonda kuseka, wachifuwa chosatha. Tsiku lina anandipeza ndikusuzumira m'galaja mwawo, ndipo m'malo mondithamangitsa anandipatsa kaburashi. Pa chitseko chakale chogoneka pa mipando iwiri anali atamangapo tauni yakwawo, Jáchymov, dzina limene lilime langa likukanabe mpaka lero. Chingerezi chawo chinali chothyoka ngati changa, choncho tinkamvana bwino.

Tauniyo inali yopanikizika m'chigwa: msewu umodzi wautali wokwera chitunda, tchalitchi kumtunda, pamwamba pake nsanja ya mgodi. Mapiri anawaumba ndi nyuzipepala zoviika m'guluu. Kuseri kwa phiri lalitali, pamene panali chogwirira cha chitseko, ankati ndi ku Germany. Ntchito yanga inali kupenta madenga, iwo n'kumafotokoza uku akutsokomola. Poyamba anthu anakhamukira ku tauni yawoyo chifukwa cha siliva. Siliva atatha panatsala mwala wakuda umene akale ankangoutaya, koma kenako maboma anayamba kuufuna, n'kumakumbitsa akaidi. Mwalawo ndi umene unadya mapapo a bambo awo. A Pavele eni ake anathawa ali mnyamata, osabwererakonso.

Nyumba iliyonse ankaidziwa mwini wake: iyi ya wophika buledi, iyi ya mayi wolongolola woweta atsekwe. Ine ndinkasirira munthu wa anansi ochuluka chonchi. Tsiku lina chifuwa chitawagwira kwambiri, anakhala pansi n'kunena kuti, "Ndikadzafa, sikudzabwera munthu." Ndinawaseka. "Agogo, kumaliro saitanira. Anthu amabwera okha." Iwo anangondiuza kuti penti ndachulutsa.

Mu Ogasiti ambulansi inawatenga ine ndili kusukulu. Galaja inakhala yotseka masabata awiri, ndipo ndinasungulumwa kuposa tsiku limene tinafika. Loweruka lina m'mawa, mayi wa kutsidya kwa msewu akutulutsa bini ya zinyalala anauza amayi kuti nkhalamba ija inamwalirira kuchipatala. Ananena ngati akukamba za nyengo.

Amayi anali atangoweruka shifiti, maso ali psuu, koma sanagone. Anamanga chitenje ndi duku, n'kutenga paketi ya shuga ndi masamba a tiyi. "Tiye, mwanawe. Maliro n'kulirana." Tinazungulira mpanda tikuyenda pang'onopang'ono, monga ayendera anthu polowa pasiwa. Chitseko chinali chokiya, makatani otseka, mapepala onyowa ataunjikana pakhonde. Amayi anavula nsapato n'kukhala pasimenti atatambasula miyendo, ine pambali pawo.

Tinakhala. Mvula inagwa, inakata, inagwanso. Amayi ankayimba nyimbo za kumaliro motsitsa mawu, ine n'kumavomera pamene ndinkadziwa. Bambo wina woyenda ndi galu anaima kufunsa ngati tadzitsekera kunja. Kenako mayi wa bini uja anabwera ndi ambulera kudzatiuza mokoma mtima kuti kuno satero, kuti mtembo amasamalira a kampani, ndipo mwina anauwotcha kale. Amayi anathokoza mwaulemu, osasuntha. Atachoka anandinong'oneza kuti, "Tamva ndithu, koma pakhomo pagwa zovuta sipakhala popanda munthu."

Ine maso anali kumsewu. Ndinkadziwa kuti achibale akutali amachedwa, poti ngakhale kwathu a ku Mzimba ankafika mwambo utayamba kale. Ndinkadikira wophika buledi, mayi wa atsekwe, ndi ena onse a madenga ndinapenta aja. Ndinafuna akafika ndiwauze kuti ine ndinanena kuti adzabwera. Dzuwa litapendeka amayi anadzuka, miyendo itachita dzanzi, n'kusiya shuga ndi tiyi pakhomo kuti obwerawo asadzasowe chakumwa.

Patapita masiku kunabwera anthu ndi lole kudzachotsa katundu. Ndinaonerera pazenera akuponya chitseko chija chozondoka, mapiri ali pansi, tchalitchi n'kuthyoka. Shuga uja nayenso anakwera lole yomweyo.

Nthawi imeneyo ndinakwiyira anthu a ku Jáchymov, kuti tauni yathunthu n'kulephera kutumiza ngakhale munthu mmodzi, n'kuuma mtima kwanji. Nditakula ndinaipeza pa mapu: chigwa, msewu wokwera, tchalitchi, zonse monga pa chitseko paja. M'pamene ndinazindikira kuti eni nyumba zija anali atatsogola kalekale, ndipo a Pavele ndi amene anatsala kuti aziwalira, okhaokha m'galaja, ndi guluu ndi nyuzipepala. Kumsewu kuja kunalibe woti n'kumudikira. Maliro awo onse tinali ife awiri, pasimenti.